Njoka Yoduka-duka: M'mene Maiko 13 a ku America Anakhalira Mtundu Umodzi

Nkhani yathu ya lero iri ya dziko lakutali, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, ngakhale zinthu ziwiri za m'nkhaniyi muli nazo pakhomo panu pomwe. Cimanga cimene ciri m'nkhokwemo kwao nku America, ndi fodya yemwe ambiri a inu mumalima anacokera komweko. Dziko la United States timalidziwa monga dziko limodzi lamphamvu, la mbendera imodzi ndi ndalama imodzi. Koma poyamba sikunali kotero ai. Kunali timaiko 13 tondandalika m'mbali mwa nyanja, tosakondana ndi tosakhulupirirana. Tsono tifunse: anthu otere anatani kuti adziyese mtundu umodzi, ndipo mtengo wa umodziwo anaulipira ndani?

Tisayambe monga amayambira ena, ngati kuti Azungu anapeza chire lopanda mwini. Dzikolo linali ndi eni ace, mitundu yambiri ya zinenero zosiyana: Apowhatan, Awampanoag, Airoquois, Acherokee ndi ena osawerengeka. Anali ndi mafumu ndi mabwalo ao, nalima cimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi. Dzina lakuti Amwenye anawapatsa ndi Columbus mu 1492, cifukwa anayesa kuti wafika ku India. Cimene cinawatha koposa mfuti ndico matenda obwera ndi alendo, monga nthomba ndi cikuku, amene matupi ao sanawadziwe ndi kale lonse. Midzi yathunthu inatsala mabwinja.

M'mwezi wa May 1607 zombo zitatu zinakoceza pa mtsinje umene anaucha James, m'dziko la Virginia. Munatsika amuna ndi anyamata 104, otumidwa ndi kampani ya amalonda a ku London, namanga mudzi wa Jamestown. Anadzera golidi, osati khasu, ndipo golidiyo sanampeze. M'nyengo ya cisanu ya 1609 kufikira 1610 njala inawagwira kotero kuti anadya akavalo, agalu ndi makoswe. Zombo zina pofika zinapeza otsala m'lingamo ngati 60 okha. Anaupulumutsa mudziwo ndi fodya. John Rolfe, yemwe uja anakwatira Pocahontas mwana wa mfumu Powhatan, anayesa mbeu yace mu 1612, ndipo Angerezi a kwao ataukonda utsi wace, anthu a Jamestown anafika pobzala fodya ndi m'misewu momwe.

Ndifuna muikire mtima caka ca 1619, pakuti m'menemo munacitika zinthu ziwiri zimene zinayenda pamodzi zaka mazana awiri ndi theka. Pa 30 July anthu osankhidwa ndi anzao anasonkhana m'chalichi ca Jamestown kupanga malamulo a Virginia. Limeneli linali bwalo loyamba la oimira anthu m'maiko a Angerezi ku America. Patapita milungu yowerengeka, cakumapeto kwa August, combo cina cinakoceza pa Point Comfort ciri ndi anthu akuda oposa 20 pang'ono. Anali ogwidwa ku Angola, olandidwa panyanja m'combo ca Apwitikizi, ndipo anawasinthanitsa ndi zakudya. Ufulu wa kudzilamulira ndi ukapolo zinafika pa mtsinje umodzi, m'caka cimodzi.

Fodya ndi mbeu yofuna manja ambiri, monga mudziwa nokha. Poyamba anchito ambiri anali amphawi a ku England, ogwira zaka zowerengeka kulipira ulendo wao. Koma pang'ono ndi pang'ono eni minda anaona kuti kapolo ndiye wa phindu, popeza nthawi yace siitha. Mu 1662 bwalo lija la Virginia linalamula kuti mwana azitsata mai wace: mai akakhala kapolo, mwananso ndi kapolo, ngakhale atate wace akhale mwini munda. Kwa ambiri a ife, mwana kukhala wa kwa amace ndi ulemu ndi citetezo, pakuti ali ndi amalume omuyang'anira. Kumeneko lamulo lomwelo analisandutsa unyolo.

Kumpoto kunafika anthu a mtima wina. Mu 1620 combo ca Mayflower cinadza ndi anthu 102, ena a iwo othawa mpingo wa boma la England pofuna kupembedza monga mwa cikhulupiriro cao. Asanatsike, amuna 41 analemba pangano lakuti adzadzipangira malamulo nadzawamvera. Anamanga Plymouth pa bwinja la mudzi umene mliri unatha, ndipo pafupifupi theka la iwo anafa m'cisanu coyamba. Otsalawo anakhala moyo cifukwa mfumu Massasoit inapangana nao mtendere, ndipo munthu wa dzikolo, Squanto, anawaphunzitsa kubzala cimanga pothira nsomba m'phando. Ubwenziwo sunafike kwa zidzukulu. Mu 1675 Metacom, mwana wa Massasoit yemweyo, poona kuti dziko likutha, anautsa nkhondo. Anaphedwa mu 1676, mkazi wace ndi mwana wace nagulitsidwa ukapolo.

Maiko ena anabadwa liri lonse ndi cifukwa cace. Maryland anayambidwa monga pothawira Akatolika, Pennsylvania anali wa William Penn ndi Akweka odana ndi nkhondo, New York anali wa Adachi kufikira Angerezi anamlanda mu 1664. South Carolina analemera ndi mpunga wolimidwa ndi akapolo, amene kumeneko anaculuka kuposa Azungu. Lomariza, Georgia, linayamba mu 1733. Dziko liri lonse linali ndi Bwanamkubwa wace ndi bwalo lace la malamulo, ndipo ambiri anasindikiza ndalama zao-zao za mapepala. Anakangana za malire, mwina mpaka kutengerana mfuti. Mwini munda wa ku Virginia anadziwa bwino mitengo ya malonda ku London kuposa njira ya ku Boston. Mukadamfunsa mtundu wace, akadati ndi Mvirginia ndiponso Mngerezi. Dzina lina analibe.

Munthu amene anaona kupusa kwa zimenezi msanga ndiye Benjamin Franklin, wosindikiza mabuku wa ku Philadelphia. Mu 1754, nkhondo ndi Afalansa iri pafupi, anaika m'nyuzipepala yace cithunzi ca njoka yodulidwa zidutswa zisanu ndi zitatu, zidutswazo ziri ndi maina a maikowo, ndi mau ocenjeza kuti alumikizane, apo ai adzafa. Caka comweco nthumwi za maiko asanu ndi awiri zinakomana ku Albany, nizibvomera nzeru yace yakuti pakhale bwalo limodzi loyang'anira citetezo ca onse. Koma nthumwizo zitabwerera kwao, palibe bwalo ndi limodzi lomwe limene linalola. Liri lonse linaopa kutaya mphamvu yace ya kudula msonkho. Njoka inakhalabe zidutswa.

Amene anailumikiza, mosafuna, ndi boma la ku London. Nkhondo ndi Afalansa inatha mu 1763, France nataya Canada, koma Britain anatsala ndi ngongole yoopsa. Nduna za Mfumu George III zinaganiza kuti a ku America, amene nkhondoyo inawateteza, athandizeko kulipira. Ndipo kunena zoona, ganizolo silinali lopanda nzeru. Zinaletsanso Azungu kumanga kuseri kwa mapiri a Appalachian, kuti pasabuke nkhondo zina ndi eni dziko, ndipo ici cinapweteka onse okhumbira minda ya kumadzulo. Mu 1765 Nyumba ya Malamulo ya ku London inaika msonkho pa nyuzipepala ndi pa makalata onse a milandu ndi a malonda. Ndalama zace sizinali zambiri. Mlandu unali wakuti: ayenera kudula msonkho ndani? Kwa zaka zoposa zana mabwalo ao ndiwo anali kucita zimenezi, ndipo ku London analibe wowaimira ndi mmodzi yemwe. Maiko asanu ndi anai anatumiza nthumwi ku New York, amalonda naleka kugula katundu wa ku Britain, ndipo msonkhowo unacotsedwa mu 1766. Anaphunzira kuti akakana pamodzi amamveka.

Misonkho ina inatsata, ndi asilikari omwe. Pa 5 March 1770 asilikari anaombera khamu la anthu ku Boston, nafa asanu. Mmodzi wa iwo, Crispus Attucks, anali wa magazi a ku Africa ndi a eni dziko. Usiku wa 16 December 1773 anthu a mzindawo anakwera m'zombo zitatu, nataya m'madzi mabokosi 342 a tiyi wa msonkho. London anabwezera potseka dooko la Boston ndi kucepetsa mphamvu za bwalo la Massachusetts, poyesa kuti ena adzaopa. Koma akulu anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. South Carolina anatumiza mpunga ku Boston, ena natumiza nkhosa ndi tirigu. Mu September 1774 nthumwi za maiko 12 zinasonkhana ku Philadelphia, ndipo pamenepo Patrick Henry ananena kuti iye salinso Mvirginia koma Mmerika. Ambiri a omumva anali asanafike pamenepo.

Za nkhondo yeni-yeniyo ndidzanena mwacidule. Mfuti zinayamba kulira ku Lexington ndi Concord pa 19 April 1775. Msonkhano unasankha George Washington kukhala mkulu wa nkhondo, ndipo cifukwa cimodzi cinali cakuti anali wa ku Virginia: Mvirginia akatsogolera ankhondo a kumpoto, nkhondoyo idzakhala ya onse. Pa 4 July 1776 analengeza kuti acoka m'manja mwa Mfumu. Kalata ya cilengezoco, yolembedwa ndi Thomas Jefferson ali ndi zaka 33, inati anthu onse analengedwa olingana, ndi kuti boma limalandira mphamvu yace kwa olamulidwa. Jefferson yemweyo pa moyo wace anakhala ndi akapolo oposa 600. M'kalatamo anaikamo ndime yotsutsa malonda a akapolo, koma msonkhano unaifafaniza. Ankhondo a Washington anasauka kwambiri, ngati 2,000 nafa ndi matenda ndi usiwa ku Valley Forge. Atagonjetsa gulu lina la Angerezi ku Saratoga mu 1777, France analowa ku mbali yao, ndipo popanda zombo ndi ndalama za Afalansa ndikaika ngati akadapambana. Cornwallis anagonja ku Yorktown mu October 1781, ndipo pangano la ku Paris la 1783 linapatsa dziko latsopanolo malire ofika ku mtsinje wa Mississippi. Eni dziko a m'malirewo sanaitanidwe ku pangano limenelo.

Si onse anakondwera. Anthu ngati 60,000 okhulupirika kwa Mfumu anacoka m'dzikomo. Akapolo zikwi zambiri anali atathawira kwa Angerezi, amene anawalonjeza ufulu. Kwa iwo mbendera ya Mfumu ndiyo inali ya ufulu. Ngati 3,000 anatengedwa ku New York kunka ku Nova Scotia, ndipo mu 1792 pafupifupi 1,200 anaoloka nyanja kubwerera ku Africa, nayamba mzinda wa Freetown ku Sierra Leone.

Mdani atacoka, njoka inayambanso kuduka. Maiko 13 aja anali ndi pangano la ubwenzi cabe. Bwalo lao lalikulu, lochedwa Congress, linalibe mphamvu ya kudula msonkho. Linali kupempha, ndipo maikowo anapereka pang'ono kapena osapereka konse. Asilikari anabwerera kwao ndi mapepala a malonjezo m'malo mwa malipiro. New York anadula msonkho pa nkhuni za ku Connecticut ndi pa ndiwo za ku New Jersey, ngati za dziko lacilendo. Mu 1786 alimi a ku Massachusetts, amene minda yao inali kulandidwa cifukwa ca ngongole, anatenga mfuti natseka mabwalo a milandu, ndipo mmodzi wa atsogoleri ao anali Daniel Shays, msilikari wakale wa nkhondo ya ufulu. Eni cuma anacita mantha m'maiko onse.

Cifukwa cace mu May 1787 nthumwi zinasonkhananso ku Philadelphia, zonse pamodzi 55, zocokera m'maiko 12. Rhode Island anakana kutumiza munthu. Anaika Washington pampando, natseka zitseko ndi mazenera ngakhale kunali kotentha, napangana kuti mau a m'nyumbamo asaturuke kunja. Timadziwa zimene ananena makamaka cifukwa James Madison anali kulemba tsiku ndi tsiku, ndipo zolemba zacezo sizinasindikizidwe kufikira 1840. Kwa ine miyezi inai imeneyi ndiyo inabala mtunduwo, koposa zaka zisanu ndi zitatu za nkhondo. Kumenyana ndi mdani mmodzi nkosabvuta. Kugawana mphamvu ndi mbale wako ndiko kumayesa anthu.

Mlandu woyamba unali wa akulu ndi ang'ono. Virginia anali ndi anthu oposa a Delaware kakhumi, nafuna kuti oimira dziko aculuke monga mwa anthu ace. Ang'ono anati akatero adzamezedwa. Anakangana milungu yambiri, msonkhano nutsala pang'ono kupasuka. Pa 16 July anagwirizana kuti nyumba za malamulo zikhale ziwiri: m'nyumba imodzi dziko liri lonse likhale ndi anthu awiri, likule kapena licepe, m'nyumba inzace ciwerengero ca oimira citsate kuculuka kwa anthu. Boma lapakati analipatsa msonkho, ndalama, nkhondo, mapangano ndi maiko akunja, ndi malonda a pakati pa maikowo. Zina zonse zinatsala kwa dziko liri lonse.

Koma pakuti oimira adzatsata kuculuka kwa anthu, panabuka funso lakuti munthu ndani. A kumwera anafuna kuti akapolo ao awerengedwe, kuti mipando yao iculuke, ngakhale akapolowo analibe voti. A kumpoto anati, ngati ali katundu monga munena, bwanji ifenso tisawerenge ng'ombe zathu? Anathera pakuti akapolo asanu ali onse aziwerengedwa ngati anthu atatu. Nthumwi za South Carolina ndi Georgia zinanenetsa kuti malonda a akapolo akaletsedwa, maiko ao salowa m'cigwirizano. Tsono anapangana kuti Congress isawaletse cisanafike caka ca 1808. Analembanso kuti kapolo wothawira ku dziko lina azibwezedwa kwa mbuye wace. Ndipo taonani, m'malamulo onsewo liu lakuti kapolo sanalilembe ndi kamodzi komwe. Analizungulira ndi mau ena. Anadziwa cimene anali kucita, nacita naco manyazi, koma anaciyesa mtengo wa umodzi. Olipira mtengowo munalibe m'nyumbamo.

Pa 17 September anthu 39 anasaina, pakati pao nkhalamba Franklin wa zaka 81, mwini njoka ija. Panafunika maiko asanu ndi anai obvomera. Otsutsa anali ambiri, ndipo sanali opusa: anaopa kuti acotsa mfumu ya ku London ndi kudziikira ina pafupi. Patrick Henry, yemwe uja anadzicha Mmerika mu 1774, ndiye anatsogolera okana ku Virginia. Kumeneko obvomera anapambana ndi mavoti 89 kwa 79, ku New York 30 kwa 27, ndipo Rhode Island analowa pomariza mu 1790 ndi mavoti 34 kwa 32. Otsutsawo anapindula cinthu cacikulu: mu 1791 anaonjezera ndime khumi zoteteza ufulu wa kupembedza, wa kulankhula, wa kusindikiza ndi wa kuweruzidwa molungama.

Washington analumbira kukhala Purezidenti woyamba ku New York pa 30 April 1789. Kalembera wa 1790 anapeza anthu pafupifupi mamiliyoni anai, ndipo mwa iwo pafupifupi 700,000 anali akapolo. Cacikulu cimene Washington anacitira dziko lace ndico kucoka. Atalamulira zaka zisanu ndi zitatu anatula udindo mu 1797, nabwerera ku munda wace ku Mount Vernon, pamene akadatha kusankhidwanso. Mu 1801 John Adams, atagonja pa masankho, anasiyira mpando Jefferson wa cipani cotsutsa, popanda mwazi. M'masiku amenewo cinali cinthu cosowa pa dziko lapansi.

Ambiri a ku Philadelphia anayembekeza kuti ukapolo udzafa wokha. Sunafe. Mu 1793 Eli Whitney anapanga makina ocotsa njere za thonje, thonje nilikhala cuma ca kumwera. Mu 1803 Jefferson anagula dziko la Louisiana kwa France ndi madola mamiliyoni 15, dziko nilikula pafupifupi kawiri. Acherokee, amene anali ndi zilembo zao, nyuzipepala yao ndi malamulo ao olembedwa, anapitikitsidwa m'minda yao mu 1838, zikwi nizifera m'njira ya kumadzulo. Pofika 1860 akapolo anali pafupifupi mamiliyoni anai, ndipo dera liri lonse latsopano linautsa mkangano wakuti lidzakhala la akapolo kapena la mfulu. Abraham Lincoln atasankhidwa m'caka cimeneco, maiko 11 a kumwera anaturuka m'cigwirizano. Robert E. Lee, msilikari wamkulu wa boma, anapemphedwa kutsogolera ankhondo a United States. Anakana, natsata Virginia kwao. Patapita zaka 74 cicokere ku Philadelphia, funso lakuti dziko la munthu ndi Virginia kapena America linali lisanathe. Linatha ndi nkhondo ya 1861 kufikira 1865, m'mene munafa anthu oposa 600,000. Ukapolo unaletsedwa mu 1865, ndipo mu 1868 analemba kuti wobadwira m'dzikomo ndi nzika yace. Koma eni dziko onse anawerengedwa nzika mu 1924.

Mwana wa kwathu kuno anakaona ndi maso ace m'mene zinaliri pambuyo pa nkhondoyo. Mu 1897 John Chilembwe wa ku Chiradzulu anapita ku America ndi Joseph Booth, nakaphunzira ku Lynchburg, mzinda wa fodya m'Virginia momwemo, pa sukulu imene Abaptist akuda anadzimangira okha atamasulidwa. Anabwera kwao mu 1900. Patapita zaka ziwiri, mu 1902, Virginia analemba malamulo atsopano amene anacotsa anthu akuda oculuka m'buku la oponya voti, ndipo kufikira 1965 ndipo pamene Congress inakhazikitsa lamulo lowabwezera votiyo m'maiko onse a kumwera.